Moyo wa Alfred Smith, Phungu Amene Adamenyera Ufulu wa Antchito ku New York

Anthu ambiri amene adamvapo za malemu Alfred Emanuel Smith amawadziwa ngati Mkatolika woyamba kuimira chipani chachikulu pa chisankho cha mtsogoleri wa dziko la America m'chaka cha 1928. Koma ntchito imene idasintha miyoyo ya anthu osauka adaigwira chakacho chisanafike, pa zaka 12 zimene adali phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo cha New York.

Dziko la United States of America lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake ndi nyumba yake ya malamulo. Nyumba ya malamulo ya New York imakumana mu mzinda wa Albany ndipo ili ndi mbali ziwiri, Senate ndi Assembly. A Smith adali m'modzi mwa aphungu 150 a mu Assembly.

Ubwana wawo

A Smith adabadwa pa 30 Disembala 1873 m'dera la anthu osauka la Lower East Side mu mzinda wa New York, kumene kunkakhala mabanja ambiri ochokera ku Ireland, Italy, Germany ndi maiko ena. Adaphunzira pa sukulu ya parishi ya St. James, ndipo ankatumikira pa nsembe ya Misa m'tchalitchi cha parishi yomweyo. Bambo awo, amene ankanyamula katundu pa ngolo yokokedwa ndi akavalo, adamwalira mu 1886. Mayi awo adakalowa ntchito pa fakitale yopanga maambulera, ndipo mnyamatayo adasiya sukulu ali ndi zaka 14 kuti athandize banja. Mwa ntchito zimene adagwira, yodziwika kwambiri ndi ya pa msika wa nsomba wa Fulton. Luso loyankhula pagulu adaliphunzira m'masewero a zisudzo a pa parishi. Mu 1900 adamanga ukwati ndi mayi Catherine Dunn, ndipo Mulungu adawadalitsa ndi ana asanu.

Momwe ankapambanira zisankho

Masiku amenewo chipani cha Democratic mu mzinda wa New York chinali m'manja mwa bungwe lotchedwa Tammany Hall. Bungweli linkapezera anthu ntchito, kuwathandiza pa milandu ndi pa maliro, ndipo pobwezera linkayembekeza mavoti awo. Linkadziwikanso ndi katangale. Mtsogoleri wake m'dera la a Smith adali a Tom Foley, mwini malo omwera mowa, ndipo ndi iwo amene adasankha a Smith kuti aimire chipani mu 1903. M'dera limenelo munthu woimira Tammany Hall ankapambana mosavuta.

Phungu wa Assembly pa nthawiyo ankakhala pa mpando chaka chimodzi chokha, choncho a Smith ankabwerera kwa anthu chaka ndi chaka kukapempha mavoti. Adapambana maulendo 12 motsatizana, kuyambira 1903 mpaka 1914. Mphamvu ya kampeni yawo inali yakuti sadachoke pakati pa anthu awo. Banja lawo linkakhala m'dera lomwelo, pa msewu wa Oliver Street, ndipo ankapemphera pa parishi yomwe adakulira. Anthu ankawapeza mumsewu kapena ku kalabu ya chipani n'kuwafotokozera mavuto awo.

Phungu wodziphunzitsa yekha

Zaka zoyamba ku Albany zidali zowawa. Aphungu ambiri adali maloya ndi anthu ophunzira, pamene a Smith sadamalize ngakhale sukulu ya pulayimale. M'chaka chawo choyamba, 1904, sadayankhulepo m'nyumbamo. Chaka chotsatira adaikidwa m'makomiti oona za mabanki ndi za nkhalango, nkhani zimene sankazidziwa n'komwe, mwakuti adaganizapo zosiya uphungu.

M'malo mosiya, adayamba kuwerenga. Usiku ankatenga mabilu onse a tsikulo n'kuwayerekeza ndi malamulo akale amene mabiluwo ankafuna kusintha. Adaphunzira ndondomeko ya zachuma ya chigawo mzere ndi mzere, mpaka adadziwa kumene ndalama za boma zinkachokera ndi kumene zinkapita. Pamene chipani chawo chidapeza aphungu ochuluka mu 1911, a Smith adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa aphungu achipanicho komanso wapampando wa komiti yoona za chuma. Mu 1913 adakhala sipikala wa Assembly.

Moto wa pa fakitale ya Triangle

Loweruka pa 25 Malichi 1911 moto udabuka pa fakitale yosoka malaya ya Triangle, imene inali m'nsanjika zitatu zapamwamba za nyumba ina mu mzinda wa New York. Zitseko zina zinali zokhoma, ndipo makwerero a ozimitsa moto sadafike pamwambapo. Anthu 146 adafa, ambiri mwa iwo atsikana ndi amayi achiyuda ndi achiitaliyana amene adabwera ku America kudzafuna moyo wabwino. Ena adapsa, ena adadziponya pansi kuchokera m'mazenera.

Nyumba ya malamulo idakhazikitsa komiti yofufuza momwe mafakitale ankayendera. Wapampando adali a Robert Wagner a mu Senate, bwenzi la a Smith, ndipo a Smith adali wachiwiri wawo. Mayi Frances Perkins, amene pambuyo pake adadzakhala mayi woyamba kusankhidwa kukhala nduna ya boma la America, adathandiza pa kafukufukuyo ndipo ankatenga aphunguwa kuti akadzionere okha. Adaona amayi akuweruka ntchito ya usiku mbandakucha, ndiponso ana aang'ono akusadzula nyemba ndi nandolo m'mafakitale oika zakudya m'zitini.

Zimene adaonazo zidasanduka mfundo zazikulu za uphungu wa a Smith. Mu 1912 lidakhazikitsidwa lamulo lakuti amayi ndi ana asagwire ntchito m'mafakitale maola opitirira 54 pa sabata. M'zaka zochepa zotsatira, chigawo cha New York chidakhazikitsa malamulo oposa 30 oteteza antchito. Malamulowo adaletsa kukhoma zitseko nthawi ya ntchito, adalamula kuika mipope yozimitsira moto m'nyumba zazitali, adaletsa ntchito ya usiku kwa amayi m'mafakitale, ndipo adachulukitsa oyendera mafakitale. Padabweranso lamulo lopereka chipukuta misozi kwa wantchito wovulala pa ntchito, ndi lina lopatsa wantchito tsiku limodzi lopuma pa sabata. Eni mafakitale a zakudya za m'zitini atapempha kuti lamulo la tsiku lopumali lisawakhudze, a Smith adawakumbutsa kuti lamulo la Mulungu lonena za Sabata silidapatule fakitale iliyonse.

Mu 1915 adayankhula mwamphamvu pochirikiza bilu yopereka ndalama za boma kwa amayi amasiye kuti alere ana awo pakhomo m'malo mowatumiza ku nyumba za ana amasiye. Mabungwe ena achifundo adaitsutsa biluyo, koma idadutsa. Vutoli a Smith ankalidziwa kuchokera m'nyumba ya mayi awo. Wowerenga kalata ya Papa Leo XIII ya mu 1891 yotchedwa Rerum Novarum adzaona kuti malamulowa akugwirizana ndi zimene Mpingo umaphunzitsa pa za malipiro oyenera, tsiku lopuma ndi chitetezo cha amayi ndi ana pa ntchito.

Zofooka zawo

Mbiri ya a Smith ilinso ndi mawanga. Pa zaka zambiri ankavota monga momwe akuluakulu a Tammany Hall ankafunira, ndipo kawirikawiri ankateteza eni malo omwera mowa. Mu 1913, iwo ali sipikala, Assembly idaimba mlandu bwanamkubwa William Sulzer wobisa ndalama za kampeni, ndipo a Sulzer adachotsedwa pa udindo. Ambiri adaona kuti chifukwa chenicheni chinali chakuti a Sulzer adakana kumvera mtsogoleri wa Tammany Hall, a Charles Murphy. Komabe bungwe la Citizens Union, limene poyamba linkadzudzula a Smith, lidawachirikiza pa chisankho cha mu 1915 chifukwa cha ntchito yawo ku Albany.

Zaka zotsiriza

Atachoka mu Assembly mu 1915, a Smith adasankhidwa kukhala bwanamkubwa wa New York kanayi, mu 1918, 1922, 1924 ndi 1926. Mu 1920 adagonja. Pa chisankho cha mtsogoleri wa dziko mu 1928 adagonja kwa a Herbert Hoover. Chuma cha dziko chinkayenda bwino pansi pa chipani cha a Hoover, komanso gulu la Ku Klux Klan ndi anthu ena adafalitsa mabodza akuti Mkatolika akapambana, dzikolo lidzalamulidwa ndi Papa. A Smith sadabise chikhulupiriro chawo pofuna mavoti. Padapita zaka 32 kuti Mkatolika, a John F. Kennedy, apambane mpandowo mu 1960.

Mayi Catherine adamwalira mu Meyi 1944, ndipo a Smith adawatsatira pa 4 Okutobala chaka chomwecho ali ndi zaka 70. Misa ya maliro awo idachitikira m'tchalitchi chachikulu cha St. Patrick's ku New York.

Akhristu amene amafuna udindo wa uphungu, ndi ife amene timawavotera, tingatolepo phunziro pa moyo umenewu. Mpando a Smith adaupeza chifukwa cha mphamvu ya chipani, monga momwe ambiri amaupezera. Chimene chidawasiyanitsa ndi anzawo n'chakuti adaphunzira ntchito yawo mwakhama, adapita kukaona mavuto a anthu ndi maso awo, ndipo adalemba malamulo amene adapulumutsa miyoyo. Mzimu wawo uwuse mu mtendere.