Malemu Alex Haley, Munthu Amene Anasaka Makolo Ake

Ena mwa inu anzanga munawerengapo buku lalikulu lija lotchedwa Roots, ena munangoonera kanema wake, koma dzina la Kunta Kinte tonse tinalimvapo. Mwini bukuli, Alex Haley, anabadwa pa 11 August 1921 ku Ithaca, New York, m'dziko la America. Ali mwana anakhala ku Henning, Tennessee, kwa agogo ake akuchikazi a Cynthia Palmer. Madzulo agogowa ndi abale awo ankakhala pakhonde n'kumasimba za kholo lawo lochokera ku Africa, limene linagwidwa likudula mtengo wosemera ng'oma. Ankati mbuye wake analipatsa dzina lakuti Toby, koma ilo linkakakamira dzina lakwawo la Kinte.

Maphunziro a kukoleji Haley sanamalize. M'chaka cha 1939 analowa gulu la asilikali olondera magombe a nyanja ndipo anagwirako ntchito zaka 20. Luso lolemba analikulitsa ali m'sitima, polembera anzake makalata opita kwa zibwenzi zawo. Atapuma anakhala mtolankhani, ndipo mu 1965 anatulutsa mbiri ya Malcolm X imene anailemba mothandizana ndi mwini wake.

Pambuyo pake anafuna kudziwa ngati nkhani za pakhonde zija zinali zoona. Ku nkhokwe ya zikalata za boma ku Washington anafufuza m'kalembera wa 1870, woyamba kulemba mayina a anthu onse omasulidwa ku ukapolo. M'menemo anapeza Tom Murray, wosula zitsulo wa ku Alamance County, North Carolina, pamodzi ndi banja lake, monga momwe agogo ankanenera. Apa mawu a pakamwa ndi pepala zinagwirizana ndithu.

Vuto linali kubwerera m'mbuyo kupyola pamenepa, pakuti nthawi ya ukapolo munthu ankalembedwa ngati katundu, kawirikawiri ndi dzina limodzi lokha. Katswiri wa mbiri yakale Jan Vansina anamuuza kuti mawu ochepa amene banjali linasunga akufanana ndi chinenero cha Mandinka. Mu 1967 Haley anapita ku Gambia, ndipo m'mudzi wa Juffure mkulu wina, Kebba Kanji Fofana, anamusimbira za Kunta Kinte amene anapita kukadula mtengo osabwererako. Kenaka anapeza zikalata za sitima ya Lord Ligonier imene inafika ku Annapolis pa 29 September 1767 ndi akapolo 98 ochokera ku Gambia. Iye anakhulupirira kuti kholo lake linali m'menemo, ngakhale zikalatazo sizinatchule dzina la kapolo aliyense.

Roots inatuluka mu 1976. Chaka chotsatira kanema wake anaonetsedwa masiku asanu ndi atatu otsatizana, ndipo Haley analandira mphotho yapadera ya Pulitzer.

Sipanatenge nthawi mafunso anayamba. Mu 1977 mtolankhani Mark Ottaway wa nyuzi ya Sunday Times ya ku London anakafufuza ku Gambia, nalemba kuti Fofana sanali mmodzi mwa akuluakulu odziwika osunga mbiri ya mafuko, komanso kuti nkhani imene mlendoyu ankafuna inali itamveka kale iye asanafike m'mudzimo. Ife amene timapita kumidzi pa ntchito za boma izi tikuzidziwa: mukafunsa mkulu funso limene yankho lake mwalinena kale, iye mwaulemu amakubwezerani lomwelo. Harold Courlander anamusumira kuti anatapa zina m'buku lake la The African; mu 1978 mlandu unathera kunja kwa khoti Haley atavomera kulipira madola 650,000. Nkhonya yowawa kwambiri inadza mu 1981, pamene Gary Mills ndi Elizabeth Shown Mills anasanthula zikalata za ku Virginia. Anapeza kuti kapolo wotchedwa Toby analembedwa kale m'katundu wa banja la Waller mu 1762, zaka zisanu Lord Ligonier isanafike, ndiponso zikuoneka kuti anamwalira zaka zingapo Kizzy, amene bukuli limati ndi mwana wake, asanabadwe.

Haley mwini ankavomera kuti m'bukumo anasakaniza zoona ndi zopeka, koma za Kunta Kinte sanabwerere m'mbuyo. Kwa ine, kupeka zimene akapolo ankalankhulana sikunali kulakwa, popeza wolemba aliyense wa nthano amatero. Analakwa pomanga Toby, sitima ija ndi mudzi wa Juffure mtolo umodzi popanda luzi lenileni, kenaka n'kuuza owerenga kuti umboni ulipo. Komabe sitingamulande ulemu wakuti anadzutsa anthu akuda ambirimbiri a ku America kuti ayambe kufufuza makolo awo m'zikalata.

Anamwalira ndi nthenda ya mtima pa 10 February 1992 ku Seattle, naikidwa ku Henning, pakhomo pa agogo ake paja. Mu 2011 boma la Gambia linasintha dzina la James Island, kachilumba ka pafupi ndi Juffure, kukhala Kunta Kinteh Island.