DR. DANIEL SHARPE MALEKEBU, WOUTSA BWINJA LA KU MBOMBWE

Pamene tiwerenga zokoma zimene Mulungu anatichitira, kutiyenera ife a ku Mauwa ndi a midzi yonse ya Chiradzulu kukumbukira munthu amene anapeza Mishoni ya ku Mbombwe iri bwinja, naiutsanso wopanda mfuti kapena nthungo. Ana athu onse adziwa dzina la John Chilembwe, koma la Daniel Malekebu liri kuiwalika. Chifukwa chache talemba mau awa, kuti aphunzitsi ndi akatekisiti akawafotokozere anthu m'midzi.

Daniel anabadwa m'dziko lino la Chiradzulu pafupi ndi chaka cha 1890, m'banja la Ayao. Pamene Mbusa Chilembwe anayamba Providence Industrial Mission m'chaka cha 1900, mnyamatayo anali mmodzi wa ana oyamba kulowa sukulu, nabatizidwa komweko. Anatumikira m'nyumba ya Mai Emma DeLaney, mmishonale wakuda wochokera ku America, namthandiza pomasulira mau. Maiyo atabwerera kwao, mtima wa Daniel sunakhazikike, pakuti analakalaka maphunziro. Ndipo ananyamuka, nayenda pansi kufikira ku Beira, napeza nchito m'chombo, naoloka nyanja kunka ku London, natsiriza ulendo wache ku New York.

Kumeneko Akristu a National Baptist Convention anamlandira ngati mwana wao. Anaphunzira ku Selma University ndi ku Moody Bible Institute, ndipo m'chaka cha 1917 anatsiriza maphunziro a udotolo ku Meharry Medical College, m'mudzi wa Nashville. Iyeyu ndiye mbadwa yoyamba ya dziko lino kukhala dotolo wa mankhwala a Chizungu. M'chaka cha 1919 anakwatira Flora Zeto, wobadwira ku Congo, amene anaphunzira ku Spelman, m'mudzi wa Atlanta.

Koma iye akali kutsidya kwa nyanja, kwao kuno kunagwa tsoka. M'mwezi wa January 1915 nkhondo ya Chilembwe inabuka, popeza anthu analema ndi thangata, ndi msonkho, ndi kutengedwa kunkhondo ya Azungu. Chilembwe anaphedwa pa 3 February, ndipo asilikali a Boma anagumula kachisi wa njerwa wa ku Mbombwe. Akristu ena ananyongedwa, ena anaikidwa m'ndende, ndi otsala anabalalika, naopa ngakhale kutchula dzina la mpingo wao.

M'chaka cha 1921 Dr. Malekebu ndi mkazi wache anabwera kuti ayambenso nchito, koma Boma la Nyasaland linawakaniza, poyesa kuti wophunzira wa Chilembwe adzautsanso nkhondo. Apa ndipo taona mtima wa munthuyu. Wina akadapsa mtima, kapena akadabwerera ku America kukadya zabwino za udotolo wache; koma iye anapatukira ku Cape Town, napitirira ku Liberia, natumikira pa sukulu ya Ricks Institute, nalindira zaka 5. Pomwepo abale a ku America sanaleke kupembedza Boma, kufikira chilolezo chinatuluka, ndipo m'chaka cha 1926 Mishoni inatsegulidwanso.

Nchito yache yoyamba inali ya mtendere. Anaima pakati pa Boma lomkayikira ndi anthu okhala ndi zilonda m'mitima, ndipo sanakoleze moto ku mbali iri yonse. Komatu mtendere wache sunali wa munthu wamantha wotseka pakamwa. M'chaka cha 1929 anali mtsogoleri poyambitsa Chiradzulu District Native Association, bungwe limene linatula kwa Boma madandaulo a anthu pa nkhani ya malo ndi thangata, mwa misonkhano ndi makalata. Zimene ena anazifuna ndi nthungo, iye anazifuna ndi mau oona ndi chipiriro.

Nchito yachiwiri inali yokweza midzi. Iye anazindikira kuti munthu wanjala, wodwala, ndi wosadziwa kuwerenga sakhala pa mtendere nthawi yaitali. Chotero anatsegulanso sukulu, namanga chipatala, nautsa kachisi watsopano wa New Jerusalem m'malo mwa uja anagumulidwa. Mai Flora naye anaphunzitsa atsikana ndi amai, nathandiza mwamuna wache m'zonse.

Nchito yachitatu inali ya chiyanjano cha mipingo. Abale a National Baptist Convention anatumiza zopereka zao, ndi Akristu a kuno anapereka manja ao. Wina sanali kapolo wa mnzache. Mpingo unafalikira ku Mozambique, ku Rhodesia wa kumpoto ndi wa kumwera, ndi ku South Africa, ndipo m'chaka cha 1945 iye anaigwirizanitsa mipingoyo m'bungwe la National Baptist Assembly of Africa.

Sitibisa kuti masiku a ukalamba wache anali ndi chisoni. M'chaka cha 1971 anasiya utsogoleri wa Mishoni pakati pa kusamvana, ndipo mpingo umene anausonkhanitsa unagawanika. Anamwalira pa 8 October 1978. Ichi chitichenjeza kuti mtendere suli ngati nyumba ya njerwa yomanga kamodzi, koma ngati munda wofuna khasu chaka ndi chaka.

Tsono abale, nchito imeneyi yatsalira ife. Mukaona milandu ya malire a minda, kapena magawano m'mpingo, kumbukirani munthu amene anakanizidwa kulowa m'dziko la makolo ache, nalindira osabwezera choipa. Inu aphunzitsi ndi akatekisiti, uzani ana mbiri iyi pamodzi ndi ya Chilembwe, kuti adziwe wobzala ndi wobzalanso. Ndipo Mulungu wa mtendere atilimbitse, kuti chimene Dr. Malekebu anachiutsa chisasandukenso bwinja m'manja mwathu.