Mbiri ya malemu Ricardo Rangel, katswiri wa zithunzi m'dziko lino

M'nyumba zambiri ku Tsangano ndi ku Furancungo muli chithunzi chakale chakuda ndi choyera: china cha ukwati, china cha agogo, china cha pa chiphaso. Zithunzi zoterozo zinkatsukidwa ndi manja m'chipinda cha mdima. Mozambique anali ndi katswiri wa ntchitoyi, dzina lake Ricardo Rangel.

A Rangel anabadwa pa 15 Febuluwale 1924 ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo. Bambo wawo anali Mgiriki, ndipo m'magazi mwawo munalinso Chiafirika ndi Chitchaina. Analeredwa ndi agogo awo aakazi m'makomboni a anthu akuda.

Mu 1941, ali ndi zaka 17, analowa ntchito yothandiza kwa Otílio de Vasconcelos, wojambula zithunzi. Sanayambe ndi kamera. Anayambira m'chipinda cha mdima, momwe mumayaka kanyali kofiira kokha. Mmenemo mumakhala makina okulitsira chithunzi, amene m'Chipwitikizi amati ampliador. Filimu yotsuka kale imaikidwa pansi pa babu, kuwala kumadutsa mufilimumo ndi m'galasi, n'kugwera pa pepala lapadera. Mukakweza mutu wa makinawo chithunzi chimakula, mukautsitsa chimachepa. Kuwala kukachuluka chithunzi chimada, kukachepa chimayererako. Kenaka pepala limaviikidwa m'mbale zitatu za mankhwala: yoyamba imatulutsa nkhope, yachiwiri imaimitsa, yachitatu imakhazikitsa kuti chithunzi chisafufutike. Pomaliza limatsukidwa ndi madzi n'kuyanikidwa.

Zaka zoposa khumi a Rangel ankakonza zithunzi za anthu ena. Mu 1952 analembedwa ntchito ku Notícias da Tarde, ndipo anakhala woyamba wosakhala mzungu kujambulira nyuzipepala m'dziko muno. Pambuyo pake anagwira ku Notícias, ku A Tribuna, ndi ku manyuzipepala a ku Beira. Mu 1970 anali mmodzi mwa amene anayambitsa magazini ya Tempo.

Nthawi imeneyo boma la atsamunda linkayamba laona zonse zisanasindikizidwe. Zithunzi zambiri za a Rangel zinaletsedwa, zina zinaonongedwa, ndipo apolisi a PIDE ankawalonda. Iwo sanasiye. Anajambula zimbudzi ziwiri zoyandikana, china cholembedwa kuti ndi cha amuna, china cha antchito, ngati wantchito si mwamuna. Anajambulanso mnyamata wa ku Changalane woweta ng'ombe, amene bwana wake anamutentha pa mphumi ndi chitsulo chamoto choikira chizindikiro pa ziweto chifukwa ng'ombe ina inasowa. Chipsera chake chinali ngati nambala 8. Aliyense amene anawetapo ng'ombe kuno ku mapiri a ku malire akudziwa kuti ng'ombe imasochera ngakhale mbusa ali maso. Mnyamatayo analibe khoti lokadandaulako. Chithunzi ndicho chinatsala mboni.

Ufulu utabwera mu 1975, a Rangel anatsogolera ojambula a Notícias, ndipo mu 1981 anakhala mkulu wa nyuzipepala ya Domingo. Mu 1983 anatsegula sukulu ya Centro de Formação Fotográfica ku Maputo, komwe anaphunzitsa achinyamata kujambula ndi kutsuka zithunzi, n'kusunganso mafilimu akale a mbiri ya dziko. Yunivesite ya Eduardo Mondlane inawapatsa digiri yaulemu mu 2008. Anamwalira ku Maputo pa 11 Juni 2009, ali ndi zaka 85.

Lero anthu akujambula ndi foni. Makina okulitsira aja akugulitsidwa ngati kaunjika pa mtengo wotsika, ndipo alipo ena amene amawatolera n'kumawagwiritsabe ntchito. Makinawo savunda msanga, koma popanda filimu alibe chokulitsa. Ngati m'sutikesi mwanu muli timafilimu takale, musatitaye. Tisungeni m'envulopu, pouma, kutali ndi utsi ndi chinyezi. Pa kafilimu kamodzi angatulutsenso nkhope ya agogo, ngakhale patapita zaka 50.