David Bruce, Sing'anga Wofufuza Kaodzera

Mtsinje wa Luangwa umachokera ku mapiri a Mafinga, kumalire a boma lathu la Chitipa. M'chigwa cha mtsinjewo ndimo Mzungu wina anatengera kaodzera waukali, amene tizilombo take tinadziwika mu 1910. Nthendayo itaonekanso ku Nyasaland, bungwe la Royal Society linatuma Sir David Bruce mu 1911 kuti adzafufuze gwero lake.

Munthuyu anabadwira ku Melbourne mu 1855, nakulira ku Scotland, naphunzira zausing'anga ku Edinburgh. Mu 1883 anakwatira Mary Steele, ndipo kuyambira pamenepo mayiyu sanasiyane ndi ntchito ya mwamuna wake. Ali sing'anga wa asilikali pa chilumba cha Malta, Bruce anapeza mu 1887 kachilombo ka malungo amene ankasautsa asilikaliwo. Ndicho chifukwa chake kamatchedwa Brucella. Pambuyo pake anaphunzitsa asing'anga anzake zaka zisanu ku Netley.

Koma ntchito yake yaikulu inali ya kashembe. Mu 1894 anafika ku Zululand, kumene ng'ombe zinkangoonda ndi kufa. Iye ndi mkazi wake anakhala m'kanyumba pa phiri la Ubombo, napima magazi a ziwetozo tsiku ndi tsiku, mpaka anaonamo tizilombo tosambira. Tsono anatsimikiza kuti kashembe amatitenga ku nyama zakutchire n'kutipatsira ziweto. Eni dziko ankaganizira kale nyamazo; Bruce sanawapeputse, ndipo apa nkuti anachita mwanzeru.

Kuno kwathu anakhala pa phiri la Kasu, m'chigawo chapakati, kufikira 1914. Anaona kuti tizilombo ta m'magazi a odwala n'tofanana ndi ta ku Zululand tija, nalangiza kuti nyama za m'madera a kashembe ziphedwe. Kuti nyama zimasunga nthendayo ananena zoona, ndipo anthu oyandikana ndi Vwaza akuvutika nayo ndi lero lomwe. Koma uphungu wopulula nyama unali wankhanza, ndipo akatswiri a masiku ano anausiya.

Mary anamwalira ku London mu November 1931. Patangopita masiku anayi Bruce anamutsatira, atapempha kuti wolemba mbiri yake asadzaiwale kutchula ntchito ya mkaziyo.