Galileo Galilei, munthu amene anaiona bwino nthanda

Aliyense wolawirira kumunda ku Chiwamba amaidziwa nthanda. Kwenikweni si nyenyezi ayi, ndi pulaneti yotchedwa Venus. Amene anayamba kuona kuti imasintha maonekedwe ngati mwezi ndi Galileo Galilei.

Galileo anabadwira ku Pisa, m'dziko la Italy, mu 1564. Bambo ake ankafuna kuti adzakhale dokotala, koma iye anasiya maphunzirowo n'kutsata masamu. Mu 1609 anadzipangira chipangizo choonera kutali poika magalasi awiri mu paipi. Mu Januwale 1610 anaona miyezi inayi ikuzungulira Jupiter, kenako anaona kusintha kwa nthanda. Zimenezi zinamulimbitsa mtima kuphunzitsa kuti dziko lathu ndilo limazungulira dzuwa.

Chifukwa cha chiphunzitsochi, akuluakulu a tchalitchi ku Rome anamuzenga mlandu mu 1633. Anamutsekera panyumba mpaka anamwalira mu 1642, ali wakhungu.

Galileo ankaphunzira ndi manja ake. Ana athunso angatero. Umbani nawo timipira 8 tadongo, dzungu likhale dzuwa pakati pa bwalo. Nthanda ikhale yachiwiri kuchokera padzungupo, dziko lathu lachitatu. Koma achenjezeni kuti asamayang'anitsitse dzuwa lenilenilo, limawononga maso.