BAMBO YOHANNA BARNABA ABDALLAH, WANSEMBE WOKONDA MABUKU

Ansembe a Consolata asanafike ku Mandimba m'chaka cha 1926, mawu a Mulungu anali atamveka kale m'madera ena a Niassa. Mmodzi mwa amene anawafesa ndi Bambo Yohanna Barnaba Abdallah, wansembe wa Mpingo wa Anglikani. Iwo sanali a Eklezia Katolika, komabe Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, umene unatha m'chaka cha 1965, unaphunzitsa akhristu kulemekeza zabwino zimene Mulungu wachita mwa abale a mipingo ina. Nchifukwa chake mbiri yawo yapeza malo m'buku lino la chikumbutso cha zaka 100.

Bambo Abdallah anabadwa cha m'ma 1870, ndipo anakulira m'banja la mfumu Barnaba Nakaam kufupi ndi Masasi, kumwera kwa dziko limene tsopano ndi Tanzania. Akali mnyamata anatumizidwa ku sukulu ya Kiungani pa chilumba cha Zanzibar. Sukuluyi poyamba inali ya ana owomboledwa ku ukapolo, koma pambuyo pake inayamba kuphunzitsa aphunzitsi ndi ansembe. Pamalopo panalinso makina osindikizira mabuku, motero mnyamatayo ankaona ndi maso ake m'mene mawu a pakamwa amasandukira malembo. Kumeneko ndi kumene chikondi chawo cha mabuku chinamera mizu. Anaphunzira kuwerenga Chiswahili ndi Chingerezi, nafika podziwa ndi Chigiriki chomwe, chinenero chimene Chipangano Chatsopano chinalembedwa nacho.

M'chaka cha 1894 analandira udikoni, ndipo anatumidwa ku Unango, phiri limene lili kumpoto kwa Lichinga, m'dziko la mfumu Kalanje. Unsembe anaulandira m'chaka cha 1898. Ku Unango anakhalako zaka pafupifupi 30, m'masiku ovuta ndithu: nkhondo zogwira akapolo zinali zisanatheretu, Apwitikizi anamenyana ndi mfumu Mataka m'chaka cha 1912, ndipo asilikali a Germany anawoloka mtsinje wa Rovuma m'chaka cha 1917. Pakati pa zonsezi wansembeyu sanataye buku. M'chaka cha 1905 anayenda ulendo wa ku Dziko Loyera, kukaponda ndi mapazi awo malo amene kwa zaka zambiri ankangowadziwira m'Malembo.

Tsono munthu wowerenga kwambiri amafika poona chimene chikusoweka m'mabuku. Aisraele anali ndi mbiri yawo yolembedwa, Agiriki ndi Angerezi chimodzimodzi, koma mbiri ya Ayao inali m'mitu ya nkhalamba zokha, ndipo nkhalambazo zinali kutha. Bambo Abdallah anasonkhanitsa zimene akuluakulu ankasimba, nazilemba m'Chiyao chenicheni, osati m'Chingerezi chimene akanatamandidwa nacho ndi Azungu. Bukulo analitcha Chiikala cha Wayao. Linasindikizidwa ku Zomba m'chaka cha 1919, pamodzi ndi kumasulira kwake kwa m'Chingerezi kumene anachita Dr. Meredith Sanderson, sing'anga wa boma la Nyasaland.

M'bukuli akufotokoza za phiri la Yao kumene mtunduwo unachokera, ndi m'mene unagawikira kukhala Amasaninga, Amachinga, Amangoche ndi ena. Akusimba za Achisi, amisiri osula zitsulo, amene anayamba kuyenda ndi makasu awo mpaka njira ya malonda inafika ku Kilwa, m'mbali mwa nyanja ya mchere. Akusimbanso za Mataka woyamba, Che Nyambi, amene anamanga mudzi waukulu wa Mwembe nabzalamo mitengo ya mango monga ya kugombe. Kalembedwe kawo ndi ka munthu wodziwa kuyala nkhani pabwalo madzulo: mafumu amayankhula, amakangana, amachita mantha ngati anthu ena onse. Ulemerero wa mafumuwo sanaubise, nkhanza zawonso sanazibise. Ndipo ngakhale kuti Ayao ambiri anali kutsata Chisilamu, wansembe wachikhristuyu analemba mbiri ya mtundu wonse, osati ya obatizidwa okha.

Bambo Abdallah anamwalira m'chaka cha 1924, patangotsala zaka ziwiri kuti ansembe a Consolata afike ku Niassa. Buku lawo silinafe nawo. Linasindikizidwanso ku London m'chaka cha 1973, ndipo akatswiri olemba mbiri ya Niassa ndi ya kumwera kwa Malawi amatungamo ngati pachitsime. Mawu a akulu amakomadi akagonera, koma amagonera pokhapokha wina atawasunga.

Apa ndi pamene moyo wa wansembeyu ukukhudza akhristu a ku Mecanhelas. Dera lino, la pakati pa nyanja za Chilwa ndi Chiuta, lili ndi Anyanja, Amakuwa, Alomwe ndi Ayao, ndipo mtundu uliwonse uli ndi mbiri yake. Nkhondo imene inatha m'chaka cha 1992 inabalalitsa mabanja ambiri, ena nathawira ku Malawi, ndipo akatekisti ndi akulu a mpingo amene anasunga chikhulupiriro m'masiku amenewo akutha mmodzimmodzi. Zimene iwo akudziwa zikapanda kulembedwa zidzapita nawo kumanda, ndipo buku la zaka 100 zikubwerazo lidzakhala ndi masamba opanda kanthu. Bambo Abdallah analibe nyumba yaikulu ya mabuku pa phiri la Unango. Anali ndi khutu lomvera akulu, cholembera ndi pepala, ndipo zimenezi zimapezeka ngakhale m'mphakati waung'ono. Mulungu awapatse mpumulo wosatha, ndipo autse pakati pa ana a parishi ino ena owerenga ndi olemba onga iwo.