Jay Miner

Jay Glenn Miner (31 Meyi 1932 – 20 Juni 1994) anali injiniya wa zamagetsi wa ku America. Ndiye anatsogolera ntchito yokonza ma chip a makina a masewera a Atari 2600, a makompyuta a Atari 400 ndi 800, komanso a kompyuta ya Amiga. Ambiri amamutcha tate wa Amiga.

Chiyambi

Miner anabadwira ku Prescott, m'chigawo cha Arizona. Anagwirako ntchito m'gulu la asilikali olondera gombe la nyanja, kenako anaphunzira uinjiniya pa yunivesite ya California ku Berkeley. Analowa kampani ya Atari m'zaka za m'ma 1970.

Wotchi ndi TV

Kuti munthu amvetse luso la Miner ayenera kudziwa kaye za wotchi ya kompyuta. Wotchiyi si yoonerapo nthawi ayi. Ndi kamwala ka kristalo kamene kamatulutsa kugunda kwa magetsi mosaphonya, ndipo mbali zonse za makina zimatsata kugundako monga ovina atsatira ng'oma. Masiku amenewo makompyuta a pakhomo ankalumikizidwa ku TV, ndipo TV za ku America zinkalandira mitundu ya chithunzi pa liwiro la 3.58 MHz, ndiko kuti kugunda pafupifupi 3.58 miliyoni pa sekondi.

Makina a Miner ankatenga nambala imeneyi kukhala maziko. Mu Atari 2600, imene inatuluka mu 1977, chip ya zithunzi yotchedwa TIA inkayenda pa 3.58 MHz, pamene purosesa inkayenda pa 1.19 MHz, gawo limodzi mwa magawo atatu. Makinawa anali ndi mabaiti 128 okha a memori, osakwana kusunga chithunzi chathunthu, choncho wolemba pulogalamu ankajambula mzere umodziumodzi, ali ndi kugunda 76 kokha pa mzere uliwonse. Mu Atari 400 ndi 800 za mu 1979 purosesa inafika pa 1.79 MHz, theka la nambala ija.

Amiga

Atachoka ku Atari, Miner anakonzako ma chip a zipangizo zothandiza mtima kugunda bwino. Mu 1982 anakhala mmodzi mwa oyambitsa kampani ya Hi-Toro, imene pambuyo pake inadzatchedwa Amiga. Commodore inagula kampaniyi mu 1984, ndipo Amiga 1000 inaonetsedwa ku New York pa 23 Julayi 1985.

Kristalo ya Amiga ya ku America imagunda pa 28.64 MHz, kuwirikiza kasanu ndi katatu liwiro la mitundu. Purosesa ya Motorola 68000 imayenda pa 7.16 MHz, ndipo m'makina a ku Ulaya pa 7.09 MHz. Ma chip atatu, Agnus, Denise ndi Paula, amagwiritsa ntchito memori imodzi ndi purosesa mosinthana, potsata wotchi yomweyo.

Chimene chinapindulitsa kwambiri n'chakuti Amiga inkatha kusiya wotchi yake n'kutsata yochokera kunja. Kachipangizo kotchedwa genlock kankagwirizanitsa kompyutayi ndi kamera kapena vidiyo, motero mawu ndi zojambula zinkaikidwa pamwamba pa kanema popanda chithunzi kugwedezeka. Nyumba zazing'ono zoulutsa kanema zinapeza makina otsika mtengo, makamaka kampani ya NewTek itatulutsa Video Toaster mu 1990.

Koma njirayi inalinso ndi vuto lake. Wofuna kuwonjezera liwiro sakanangosintha kristalo, chifukwa chithunzi chikanasokonekera. Makadi ambiri ofulumizitsa ankabwera ndi purosesa, wotchi ndi memori yawoyawo, ndipo ankayenera kudikira wotchi yakale nthawi iliyonse imene akulankhula ndi ma chip a Miner.

Zaka zomaliza

Miner ankapita kuntchito ndi galu wake Mitchy, ndipo chidindo cha phazi la galuyo chili mkati mwa chivundikiro cha Amiga 1000, pambali pa masiginecha a amene anakonza makinawo. Anadwala impso kwa zaka zambiri, ndipo mlongo wake anamupatsa imodzi mwa impso zake. Anamwalira ku Mountain View, ku California, ali ndi zaka 62, patangopita miyezi iwiri kampani ya Commodore itagwa.